Chiweruzo kwa mlovi, chikondi kwa mwini bwato

Mwezi wa Julaye chaka chatha ndinakhala nawo pa maliro a mnyamata wina m'mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, kupitirira pa Makawa ukamalowera ku Monkey Bay. Anali mlovi, msodzi wogwira ntchito pa bwato la munthu wina. Usiku wina mwera utakalipa, bwato lawo linagudubuzika pakati pa nyanja. Anzake anapulumuka atakakamira zigubu za mafuta, koma iye anakapezeka patatha masiku awiri atakodwa m'bango. Thupi lotere silidikira abale akutali. Pomwe tinkafika n'kuti adzukulu atatsiriza kale kukumba, bokosi litakhomedwa, amayi akuimba motsitsa mawu kusiwa.

Amene analalikira anali mkulu wa mpingo, bambo waulemu wake, wa jekete lakuda ngakhale kunja kunali fumbi lokhalokha. Anatsegula Agalatiya 6:7, paja pakuti Mulungu sanyozeka, chimene munthu wafesa adzakolola chomwecho. Kenaka anatseka Baibulo n'kuyamba kuwerenga moyo wa malemuyo ngati mmene kalaliki amawerengera milandu kukhoti. "Mwana uyu tinamuitana kangati? Lamulungu anzake ali m'tchalitchi, iye ali pa kachasu. Tinamutumira uthenga, anatiseka. Lero nyanja yatiyankhira." Ena kumbuyo anavomera kuti ameni. Mayi a mnyamatayo, amene anachezera kulira usiku wonse, anangoti zii, n'kukoka chitenje kuphimba kumaso. Kulira kwa mayi pamaliro kumalasa mtima, koma chete uja anandilasa koposa.

Pampando wapulasitiki, pafupi ndi amfumu, panakhala mwini bwato. Powerenga chipepeso dzina lake linamveka kawiri: ndiye anagula bokosi, anaperekanso thumba la ufa ndi ndowa ya usipa. Anthu anagwedeza mitu moyamikira. Komatu panalibe munthu wa pagombe paja amene sankadziwa kuti bwatolo linkalowa madzi, moti alovi ankasinthana kukapa ulendo wonse. Kuti munalibe jekete lopulumutsira ngakhale limodzi. Ndiponso kuti madzulo amenewo anyamata atadandaula za mphepo, bwanayo anawauza kuti wokana kupita akadzifunire bwato lina. Ulaliki sunakhudzeko zimenezi.

Pali mkangano wakalekale pakati pa Akhristu, wakuti kodi Mulungu kwenikweni ndi wachikondi kapena ndi woweruza. Umabuka m'miphakati, m'makalasi a Baibulo, ngakhale m'basi ya ku Blantyre mlaliki akaimirira pakati pa mipando isananyamuke. Ine ndafika poona kuti kuno kwathu vuto silili pa kusankha chimodzi mwa ziwirizi, chifukwa zonse timazilalikira, mwamphamvunso. Vuto lili pa kagawidwe. Chiweruzo timapatsa mlovi, mtsikana wotenga mimba ali pasukulu, chidakwa chopanda nsapato. Chikondi ndi chikhululukiro timasungira mwini bwato. Pamene Baibulo lomwe timalipana m'khwapa Lamulungu lililonse limagawa mosemphana ndi ifeyo.

Ndiyambe ndi chizolowezi chathu chowerenga chigamulo cha Mulungu pa imfa ya munthu. Aliyense wodutsa pa boma la Mangochi amadziwa nsanja ya wotchi ija pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Ambiri amangoidutsa pa kabaza osaima, koma pambali pake pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira sitima ya Viphya itagubuduzika ndi namondwe kumpoto kwa nyanjayi mu 1946. Kodi tinene kuti anthu 145 amenewo Mulungu anachita kuwasankha m'dziko lonse la Nyasaland n'kuwakweza sitima imodzi kuti awalange? Nanga Bishopu Chauncy Maples wa Anglican, amene anamira m'nyanja yomweyi mu 1895 atangodzozedwa kumene ubishopu, anali pa kachasu uti? Pitani ku Cape Maclear mukaone manda a amishoni oyamba a Livingstonia, amene anafika mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 atakwirira anzawo angapo ndi kubatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe. Mwa masamu a mlaliki wa jekete lakuda uja, amishoniwo anali ochimwitsitsa pa nyanja yonse. Chinawapha ndi malungo. Pa nthawiyo n'kuti asanadziwe n'komwe kuti malungo amabwera ndi udzudzu, poti zimenezo Ronald Ross anadzazitulukira mu 1897.

Funso limeneli Yesu anafunsidwapo, ndipo yankho lake silifuna digiri. Pa Luka 13 anthu anamuuza za Agalileya amene Pilato anawapha akupereka nsembe. Iye anawonjezerapo nkhani ina, ya anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera. Kodi muyesa kuti iwowo anali ochimwa koposa ena onse? Anayankha yekha, kawiri konse: iyayi. Pa Yohane 9 ophunzira ake anaona munthu wobadwa wosaona n'kufunsa kuti anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake. Yankho linali lakuti palibe mwa iwo. Ndipo buku lonse la Yobu, machaputala 42, ndi mlandu wa anthu atatu amene anabwera kudzapepesa mnzawo n'kusanduka alaliki a pamaliro. Anamuuza Yobu kuti afufuze bwino, payenera kuti pali chimene anachita. Kumapeto Mulungu anakwiyira iwowo, osati Yobu, nati sananene zoona za Iye. Anachita kupemphereredwa ndi munthu yemwe ankamuweruzayo.

Wina anditsutsa kuti pa Luka 13 pomwepo Yesu anati mukapanda kutembenuka mtima mudzawonongeka nonse momwemo. Zoona, ndipo mawu amenewo sindikuwabisa. Koma taonani kumene chala chaloza. Anthu anabwera akuloza mitembo, Yesu n'kuwatembenuzira chalacho pa chifuwa chawo. "Nonse" ameneyo akuphatikiza wofunsa, wolalikira, ndi wokhala pampando wapulasitiki. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ulaliki umene umatuluka pamanda wolalikira ali woyera, wakufa yekha ndiye wakuda, watembenuza ndimeyo chadodolido.

Tinazionanso nthawi ya kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi inali pakati pa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Ndinamva ndi makutu anga anthu akuti ndi mkwiyo wa Mulungu chifukwa cha uhule wa m'magombe. Kolera imayenda ndi madzi akuda ndi kusowa kwa zimbudzi. Pagombe pamene asodzi mazanamazana amagona, kuphika, kuchapa ndi kudzithandiza m'madzi omwewo, kachilomboko sikafunsa kalata ya ubatizo. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope a phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe mu Malichi 2023, nyimbo inali yomweyo. Koma amene amamanga m'mphepete mwa phiri ndi m'makhwawa ndi amene alibe ndalama ya puloti ya pabwino. Ngati chimenecho chinali chilango, ndiye kuti Mulungu ali ndi chizolowezi chachilendo cholanga osauka okhaokha n'kulumpha nyumba za mipanda. Choipa china cha kalankhulidwe aka n'chakuti kamapumitsa anthu amene anayenera kufunsidwa mafunso. Mukati ndi Mulungu, mjigo wowonongeka sufunsidwanso mwini wake.

Tsono wina angaganize kuti ndikupita kwa aja amati Mulungu ndi chikondi basi, nkhani ya chiweruzo ndi yachikale, yongoopsezera ana a Sande sukulu. Ayi ndithu. Maganizo amenewo si atsopano n'komwe. M'zaka za m'ma 100 kunali munthu wina dzina lake Marcion, wa ku Sinope m'mphepete mwa Black Sea, amene, mwa zodabwitsa zake, analinso mwini zombo. Iye ankaphunzitsa kuti kuli milungu iwiri: wa Chipangano Chakale, wolenga ndi woweruza mwaukali, ndi Atate wa Yesu, wachifundo chokhachokha. Anataya Chipangano Chakale chonse, n'kutsala ndi Luka wodulidwadulidwa ndi makalata 10 a Paulo. Mpingo wa ku Roma unamuchotsa mu 144. Unachita bwino, ndipo chifukwa chake ndinachimvetsa osati m'buku la mbiri ya mpingo koma pakhonde la mayi wina wamasiye kuno konkuno.

Mwamuna wawo anasiya injini ya bwato, ukonde wa chilimira, ndi nyumba yamalata imene anamanga limodzi, mayiwo akuumba njerwa ndi kuyanika usipa pathandala. Tsiku losesa lisanafike, alamu awo anali atanyamula kale injini, ati akaisunge pabwino. Chilimira chinatsatira. Mayiwo anakadandaula kwa akuluakulu a mpingo, poti mlamu wamkuluyo ndi wa mpingo womwewo, amakhala benchi ya kutsogolo, ndipo pa chitukuko cha denga la tchalitchi anapereka malata ambiri ndithu. Akuluakuluwo anabwera awiri, anakhala pamkeka, anapemphera. Kenaka mmodzi anati, "Mayi, Mulungu wathu ndi wachikondi. Akhululukireni alamu anuwa. Za m'dziko n'zotsala, musadetse nazo mtima." Mayiwo anawathokoza, anawaperekeza mpaka pamsewu monga mwa ulemu. Atabwerera anandifunsa ine, amene ndinangopezekapo, "Achimwene, chikondi chimenechi ana anga adya?"

Ndiye muone. Kwa mayi amenewa uthenga wakuti Mulungu saweruza si uthenga wabwino ayi. Ndi uthenga wakuti injini yapita ndipo kumwamba kulibe amene anaona. Dziko lathu lili ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Boma la Kaisara, ndiye kuti boma la dziko lino, linafika poona kuti apa pafunika woweruza, koma mpingo unafika ndi mawu oti khululukani. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

M'Baibulo, anthu amene amalirira chiweruzo ndi oponderezedwa. Ife tikamva mawu oti woweruza timaona munthu womangidwa unyolo ali m'kabokosi kukhoti, akunjenjemera. Olemba Masalimo ankaona zina: munthu wolandidwa munda amene wakhala akuyendera bwalo la amfumu miyezi ndi miyezi, mlandu wake ukungokankhidwira mawa, tsono wamva kuti lero ukambidwa. Pa Salimo 98 nyanja ikuuzidwa kuti ikokome, mitsinje iombe m'manja, mapiri aimbe, chifukwa Yehova akubwera kudzaweruza dziko. Ndani amaombera m'manja woweruza? Ndi uja ali ndi mlandu woona koma alibe womumvera. Fanizo la pa Luka 18 ndi la mkazi wamasiye amene anamutopetsa woweruza wosaopa Mulungu mpaka anamuweruzira mlandu wake. Yesu sanati mayiyo akanangokhululuka n'kukhala pansi. Anamuyamikira chifukwa cha liuma lake.

Mukawerenga aneneri mofatsa, mudzaona kumene mkwiyo wa Mulungu umagwera kawirikawiri. Amosi 8 akunena za amalonda amene amachepetsa muyeso, kukweza mtengo ndi kunyenga pa sikelo. Aliyense amene anagulapo usipa pa chigoba chophwanyidwa pansi kuti chichepe, kapena kugulitsa chimanga kwa vendala wa sikelo yokonzedwa, akudziwa zimene Amosi ankanena. Yakobo 5:4 akuti malipiro a antchito amene munawabisira akufuula, ndipo kufuulako kwalowa m'makutu a Ambuye. Ngakhale Sodomu, amene alaliki amakonda kumutchula pakagwa tsoka, Ezekieli 16:49 akutchula tchimo lake momveka: kudzikuza, kukhuta, mtendere wosasamala, ndi kusagwira dzanja la wosauka ndi waumphawi. Hananiya ndi Safira anagwa pa nkhani ya ndalama ndi bodza m'kati mwa mpingo. Ndipo pa Mateyu 25, pamene Yesu mwini akufotokoza za tsiku lomaliza, mafunso ake ndi a njala, ludzu, usiwa, matenda, ndende ndi mlendo. Sindikuti kuledzera ndi chiwerewere si machimo. Paulo anazitchula poyera ndipo ine sindingazifufute. Ndikuti mndandanda wa machimo amene timawalalikira mokweza ndi waufupi modabwitsa, ndipo mwangozi yake uli ndi machimo okhawo amene munthu wosauka sangathe kuwabisa.

Mimba siibisika. Ichi n'chifukwa chake m'mipingo yathu yambiri odulidwa amachuluka atsikana. Mtsikana amaitanidwa ku bwalo la akulu a mpingo, amaimitsidwa Mgonero, amabwerera m'kalasi, ndipo tsiku lobwezeretsedwa amaimirira kutsogolo mpingo wonse ukumuyang'ana. Mwamuna amene anapereka mimbayo, kaya ndi wogula nsomba wa galimoto, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi mwana wa mkulu wa mpingo, nthawi zambiri amakhala ali phee pa benchi, akuimba nawo. Katapila sadulitsa munthu. Kubera alovi pogawana ndalama za nsomba sikudulitsa munthu. Pa Yohane 8 anamubweretsera Yesu mkazi wogwidwa m'chigololo, ati anamugwira ali m'kati mochita. Ngati anamugwiradi choncho, mwamunayo anali kuti? Levitiko 20:10 amene ankamudalirawo amatchula onse awiri. Yesu anawerama n'kumalemba pansi, ndipo bwalo lija linabalalika kuyambira akuluakulu. Mkaziyo anamuuza kuti apite, asakachimwenso. Chiweruzo chinalipo tsiku limenelo, koma chinayambira kwa ogwira miyala.

Nanga chikondi ndi chiweruzo zimakumana pati? Ine ndimaona kuti sizili pa sikelo, kuti china chikakwera china chitsike. Pa 1 Yohane 4:8 palembedwa kuti Mulungu ndiye chikondi. Palibe ndime imene imati Mulungu ndiye mkwiyo. Chikondi ndi chimene Iye ali. Mkwiyo ndi chimene chikondicho chimachita chikapeza wokondedwa akupondedwa. Mayi amene wapeza munthu akumenya mwana wake ndiye n'kumangomwetulira, sitinganene kuti ndi wachikondi kwambiri. Tingati mutu wake sukuyenda bwino, kapena mwanayo si wake. Pa Eksodo 34, Mulungu podzitchula dzina kwa Mose, anayamba ndi chifundo, chisomo, kusakwiya msanga ndi kukhululuka, n'kutsiriza ndi kuti wopalamula samuyesa wosapalamula. Zonse zili m'mpweya umodzi, koma taonani chimene chili patsogolo ndi kutalika kwake: chifundo ku mibadwo zikwi, chilango ku mibadwo itatu kapena inayi. Ndipo pofika pa Ezekieli 18, mwambi uja wakuti atate adya mphesa zosapsa koma mano oyayamira ndi a ana, Mulungu akuuletsa kuti usanenedwenso. (Ife tili ndi wathu woyenda chobwerera, wakuti nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma umenewo umanena za kulipira mbuzi kwa amfumu, osati za kumoto.) M'chaputala chomwecho akunenetsa kuti sakondwera ndi imfa ya woipa, koma kuti abwerere akhale ndi moyo.

Makolo athu sankavutika nazo kuika ziwirizi mwa Mmodzi. Yemwe ankamutcha Mphambe, wa ziphaliwali ndi mabingu, ndi yemweyo ankamutcha Chauta, wa uta uja umaoneka mvula ikakata, ndi Namalenga. Anansi athu achisilamu, amene kuno ku Mangochi ndiwo ambiri ndipo timagawana nawo maliro, maukwati ndi mabwato, amatsegula sura zonse za Korani kupatula imodzi ndi dzina la Mulungu Wachifundo chambiri, Wachisoni. Ndipo m'sura yoyamba, imene amaibwereza pa swala iliyonse, akangotha kutchula chifundocho amamutcha Mwini tsiku la chiweruzo. Zikhulupiriro zathu zimasiyana pa zinthu zikuluzikulu, makamaka pa mtanda, ndipo sindikufuna kuzisakaniza ngati thobwa. Ndikungoti munthu wa kuno sadabwa kumva kuti wachifundo ndi woweruza ndi mmodzi. Chimene chiyenera kumudabwitsa ndi kuona chifundo chikulowera kwa wolanda injini, chiweruzo kwa womira.

Chikhululukiro cha m'Baibulo sichidumpha wolakwiridwa. Zakeyu, mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, Yesu anamukonda poyera, anakadya kwawo anthu akung'ung'udza. Koma mawu oti chipulumutso chafika m'nyumba muno anamveka Zakeyu atanena kuti theka la chuma chake apatsa osauka, ndipo amene anawabera awabwezera kanayi. Davide anali mfumu, wodzozedwa, woimba masalimo, koma Natani anamulowera m'nyumba ndi nthano ya kamwana ka nkhosa ka munthu wosauka, n'kumuuza pamaso kuti munthuyo ndinu. Akuluakulu awiri anapita kwa mayi wamasiye aja akanakhala ndi mtima wa Natani, ulendo wawo woyamba ukanakhala wa kwa mlamu, kukamuuza kuti Mulungu amamukonda kwambiri moti sangamusiye akudya za ana amasiye, ndipo injini ibwerere Loweruka lisanafike. Akanatero, mawu oti khululukani akanakhala ndi pokhala. Mlandu suola, ukapanda kukambidwa pansi pano sutha, umangodikira.

Ndikudziwa chimene abusa ndi akulu a mpingo ambiri anganene, ndipo ena mwa iwo ndi anzanga apamtima. Amati pamaliro ndi pokhapo pamene amuna a pagombe amakhala pansi n'kumva Mawu. Lamulungu m'mawa amakhala akuchokera ku nyanja, maso ali psuu, ena akugona pansi pa mabwato. Ukapanda kuwaopseza pamanda, udzawapeza kuti? Nkhawa imeneyi ndi yoona ndipo sindikuipeputsa. Mlaliki amene amaona anyamata akutha ndi mowa wa m'masacheti ndi matenda ali ndi chifukwa chokwezera mawu. Koma funsani kuti anyamatawo amatolapo chiyani. Tsiku lija pobwerera kumanda ndinayenda kumbuyo kwa alovi anzake a malemu. Panalibe amene ankakamba za kulapa. Mmodzi anati, "Ndiye kuti ifenso tikafa adzatinyoza chonchi?" Wina anayankha kuti bola kwa asilamu, amangokuika msangamsanga osakuyalutsa. Mantha amabweretsa munthu pa guwa Lamulungu limodzi kapena awiri. Manyazi amamuthamangitsa zaka. Paulo pa Aroma 2:4 akuti chimene chimatsogolera munthu ku kulapa ndi ubwino wa Mulungu. Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Ngati mnyamatayo anafunika kudzudzulidwa, nthawi yake inali ali moyo, pansi pa mtengo, anthu awiri. Wakufa samva ulaliki. Amene anaumva ndi mayi ake.

Palinso china chimene timaiwala: sitidziwa. Pakati pa kugudubuzika kwa bwato ndi mpweya womaliza pali mphindi zingapo, ndipo palibe mkulu wa mpingo amene analipo. Chigawenga cha pamtanda chinalowa m'Paradaiso ndi chiganizo chimodzi, chopanda kalasi, chopanda khadi la chopereka. Sindikunena kuti mnyamatayo anapulumuka. Ndikanena choncho ndiye kuti nanenso ndakhala pa mpando womwe ndikuwachotsapo anzangawo. Ndikuti mpandowo uli ndi mwini wake. Abrahamu anafunsa pa Genesis 18 kuti kodi Woweruza wa dziko lonse lapansi sadzachita zolungama? Chikhulupiriro chakuti Mulungu ndi woweruza chimayenera kutitseka pakamwa ife, chifukwa ngati woweruza ndi Iye ndiye kuti si ine. Koma ife timachigwiritsa ntchito ngati chilolezo.

Mneneri amene amatifanana kwambiri ndi Yona, ndipo anthu a kunyanja tiyenera kumudziwa bwino. Ana a Sande sukulu amakumbukira chinsomba, koma nkhani yeniyeni ili m'chaputala chomaliza. Yona analalikira kuti kwatsala masiku 40 Nineve apasuke. Anthu analapa, Mulungu analeka, ndipo mlalikiyo anapsa mtima mpaka kupempha imfa. Anaulula yekha chimene anathawira poyamba paja: ankadziwa kuti Mulungu ndi wachisomo ndi wachifundo, ndipo sankafuna kuti chifundocho chigwere anthu amenewo. Anakakhala kunja kwa mzinda, pansi pa msatsi, kudikira moto. Mulungu anamufunsa ngati n'koyenera kulirira msatsi umene unamera usiku umodzi n'kufota, koma osamvera chisoni anthu oposa 120,000 osadziwa kusiyanitsa dzanja lamanja ndi lamanzere, ndi ziweto zomwe. Bukulo limathera pa funso limenelo, Yona osayankha. Ndimaganiza kuti ambiri a ife, ine ndemwe, tili ndi kamndandanda kathu ka anthu amene tingakhumudwe kuwapeza kumwamba.

Baibulo lathunthu lakhala m'chilankhulo chathu kuyambira 1922, pamene Buku Lopatulika linatuluka. Zaka zoposa 100 tsopano. Ndime zonse ndatchulazi zili m'menemo, m'Chichewa chomveka, ndipo amayi a m'mabungwe a mpingo amazidziwa pamtima kuposa ine. Sitikusowa chiphunzitso chatsopano chochokera kunja. Chosowa ndi mlaliki amene, ataona mwini bwato pampando wapulasitiki, angatsegule Yakobo 5 m'malo mwa Agalatiya 6, kapena kuwerenga Agalatiya 6 yemweyo maso ali mbali imeneyo. N'zovuta, ndikudziwa. Bokosi anagula ndi iyeyo, ndipo denga la tchalitchi silinathe.

Mwezi wathawu ndinadutsanso pagombe paja kukagula usipa. Mayi a mnyamata uja ndinawapeza pathandala akutembenuza nsomba ndi kamtengo. Tinapatsana moni, ndinafunsa za kunyumba. Anandiyeza chigoba chodzaza bwino, n'kuikapo basera wa dzanja limodzi. Ndikumanga jumbo, anafunsa osandiyang'ana, "Bambo, inu mumawerenga mabuku. Zija ananena tsiku lija, mwana wanga alidi kumoto?" Ndinawauza kuti amene analalikira uja sadziwa, inenso sindidziwa, koma amene akudziwayo ndi yemwe anasiya nkhosa 99 kukafuna imodzi. Anangoti "Chabwino," n'kupitiriza kutembenuza usipa. Ku tchalitchi akuti sanapiteko chichokereni maliro.

Dzuwa linali litapendeka, alovi akukweza nyali ndi chilimira. Bwato lija analivuula, analimata phula, likuyendanso. Pakati pa anyamata amene ankalikankhira m'madzi panali mng'ono wake wa malemu, wa zaka ngati 16, atanyamula chigubu chodula pakati chokapira madzi.